Kabokosi Kosowa pa Netiweki

Changu anadina batani la laputopu kachiwiri, kachitatu, koma tsamba lija silinabwerere. Panangotsala timawu tochepa tonena kuti chipangizo chimene akufuna sichikupezeka. Anadzutsa mutu n'kuyang'ana khoma la kutsogolo kwa holo ya sukulu. Kabokosi kanali pomwepo, kagalasi kake kakuwala, chingwe chake cha buluu chitalowa bwinobwino. Maso ake ankakaona, koma laputopu inkati kulibe.



Holoyo inali itangoikidwa zipangizo zatsopano: pulojekita yolendewera kudenga, masipika, maikolofoni ndi kamera. Chichokereni mphunzitsi wa sayansi, sukulu inali isanapeze wina, chonsecho mayeso anali pakhomo. Ndiye anakonza zoti mphunzitsi wa kusukulu ina yakutali aziphunzitsa pa kanema, ophunzira akumuona ndi kumufunsa mafunso ali m'holo momwemo. Phunziro loyamba linali la tsiku lomwelo, ikangotha nthawi yopuma ya masana. Kabokosi ka pakhomako ndiye kanali kapitawo wa zonse. Munthu akakhudza pagalasi pake, kankatumiza uthenga kudzera m'zingwe za netiweki, pulojekita n'kuyaka, chinsalu choonetserapo n'kutsika, mawu n'kumveka. Popanda iko, zipangizo zonse zija zinali zokongoletsa chabe, chifukwa zina mwa izo zinalibe n'komwe batani loyatsira.

Amene anapatsidwa ntchito yolumikiza kabokosiko anali bambo ake a Changu. Kale iwo ndiwo kampani yawo inkawatuma kukavuta. Koma chaka chapitacho anagwa m'bafa ndi sitiroko. Atatuluka m'chipatala, dzanja lamanja linali litafa, mwendo ankachita kukoka, ndipo mawu ankatuluka mmodzimmodzi ngati akuwazula pansi. Abwana awo anadikira, kenako n'kuyamba kutopa. Pomaliza anati awayesa pa kantchito ka kusukuluka, ndipo zikakanika pasadzakhale kunamizana. Kwa masabata angapo bambowo anakhala patebulo la pabalaza, akupanga mabatani a kabokosiko ndi chala chimodzi cha kumanzere, kuphunzitsa batani lililonse chipangizo chake. Chimene sakanatha ndi kugwira zingwe. Amayi ake a Changu anati vuto palibe, mutu bambo ali nawo, manja mwana ali nawo, ndipo sukulu yake ndi yomweyo. Anakamupemphera kwa ahedi kuti tsiku limenelo asalowe m'kalasi.

Changu sanakane, koma sanakondwe. Kusukulu panalibe amene ankadziwa za matendawo. Anali atasiya kuitanira anzake kunyumba, ndipo wina akafunsa za bambo ake ankangoti ali bwino, n'kusintha nkhani.

M'mawa zinthu zinayenda. Holo inali yopanda anthu, ndipo dzina lakuti Changu sanamupatse pachabe. Anasenda chingwe, n'kuyala timawaya take tamitundumitundu m'ndondomeko yake, n'kutipana m'kamutu ka pulasitiki. Mbali ina anailowetsa m'kabokosi, ina m'swichi, chipangizo chokumanirapo zingwe zonse chimene chinali m'kabati ya m'kachipinda ka kuseri kwa siteji. Kagetsi kobiriwira kanaphethira, kabokosi n'kuyaka. Bambo ake anamwetulira ndi mbali imodzi ya pakamwa. Kenako anamukumbutsa movutikira zimene anamuphunzitsa akadali wamng'ono, kuti chipangizo chilichonse pa netiweki chimakhala ndi adiresi ya manambala anayi. Atatu oyamba ali ngati dzina la msewu, lomaliza ndi nambala ya nyumba. Zipangizo za msewu umodzi zimamvana, za misewu yosiyana sizionana ngakhale zitagundana mapewa. Chinatsala n'kupatsa kabokosiko adiresi yake yokhazikika, kuti kazipezana ndi pulojekita ndi zinzake.

Zinasokonekera pa nthawi yopuma ya m'mawa. Ophunzira anaunjikana m'mawindo kudzaona zachilendozo. Bambo ake anali akuyesa kumuuza Changu kuti abweretse laputopu, mawu n'kukakamira pakhosi. Mnyamata wina wa m'kalasi mwake, amene onse ankamutcha Sewero, anati madalawo abwera kudzakonza netiweki chonsecho yawo yomwe ikudukaduka. M'mawindo monse munali phwete. Mnzake wa Changu wa pa desiki imodzi, Wailesi, anamukodola n'kumufunsa kuti agogowo ndi ndani.

“Ndi a kukampani,” anatero Changu.

Silinali bodza, koma pakamwa pake panawawa. Belu litalira, ananyamula mpando n'kukauika m'kachipinda ka kuseri kuja. Anauza bambo ake kuti mmenemo ndi mozizira bwino, apumuleko, zotsalazo amaliza yekha. Iwo anamuyang'ana kanthawi, kenako n'kupita kukakhala. Iye anakokera laputopu m'holo pa chingwe chachitali, natsegula tsamba la kabokosi. Manambala awiri oyamba anali olembedwa kale, lomaliza anali atamuuza m'mawa. Anakuwira kuchitseko kufunsa lachitatu.

Yankho linachedwa. “Wa... wani... wani...”

Changu analemba wani awiri, leveni, n'kudina batani losunga. Tsamba linazimiririka nthawi yomweyo.

Tsopano anali atagwira njakata. Anazula chingwe cha laputopu n'kuchibwezera. Anaizimitsa n'kuiyatsanso. Analemba adiresi yakale ya kabokosi, osapezeka. Analemba yatsopano, chimodzimodzi. Anaganiza kuti mwina kamutu ka chingwe sanakapane bwino, ndiye anakadula n'kuyambiranso. Mpeni unatsetsereka n'kumucheka chala. Anayamwa magaziwo, n'kupitiriza, timawaya tikumupulumuka. Atalowetsanso, kabokosi kanayaka monga kale, kokongola, mabatani onse a bambo ake ali m'malo mwake. Anakhudza lolembedwa kuti pulojekita. Kudenga kunali zii.

Kuchokera m'kachipinda muja anamva bambo ake akufunsa ngati zatheka. Anayankha kuti zatsala pang'ono. Patapita nthawi anafunsanso, iye n'kuyankha zomwezo. Ankadziuza kuti akawauza, atuluka, ndipo akatuluka anthu awaonanso. Ankadziuzanso kuti mtima wawo sufuna kudzidzimutsidwa, adokotala ananena. Zifukwa zinalipo zambiri, ndipo chilichonse chinkamveka chanzeru kwa kanthawi kochepa.

Achiwiri kwa ahedi analowa akupukuta magalasi awo. Anali munthu wabwino, koma sabata yonseyo anali asakugona tulo ndi nkhani ya phunziroli. Anafunsa ngati angaone chithunzi pachinsalu kuti mtima ukhale pansi. Changu anati akumalizitsa zina ndi zina. Iwo anayang'ana chala chake chokulungidwa ndi kapepala, nayang'ana pulojekita yozizira, n'kumukumbutsa kuti mphunzitsi wakutaliyo wawapatsa piriyodi imodzi yokha, ikatha ali ndi kalasi lake. Anatuluka akuyang'ana m'mbuyo.

Nthawi yopuma ya masana Changu sanadye. Anakhala pansi pa siteji, foni ili m'manja, akufufuza pa intaneti. Aliyense kumeneko ankanena zake. Wina ankati vuto ndi swichi, wina ankati ndi laputopu, wina ankangotukwana amene anapanga timabokosi totere. Anayesa izi, anayesa izo. Malaya ake a yunifolomu anamatirira kumsana ndi thukuta. Ankaona m'maganizo bambo ake atabwerera pampando wa pawindo paja, pamene anakhala miyezi yonse ija akuyang'ana msewu osalankhula ndi munthu. Ankaona amayi ake akumufunsa ndi maso okha.

Belu linalira. Zitseko za holo zinatseguka, ophunzira a makalasi olemba mayeso n'kukhamukira mkati, akukoka mipando, akuitanizana. Wailesi anamusungira malo n'kumukwezera dzanja, koma Changu anayang'ana kumbali. Achiwiri kwa ahedi anabwera foni ili kukhutu, akupepesa munthu wa mbali inayo kuti adikire pang'ono. Atadula, anamufunsa Changu mosazungulira ngati zinthuzi ziyake kapena ayi. Asanayankhe, iwo anapumira m'mwamba, n'kunena kuti sangachitire mwina, aimbira abwana a kampani awauze kuti munthu amene anatumiza walephera. Anapita pakhomo kukaimba.

Madzi anali atafika m'khosi. Pa foni paja panali malangizo amodzi amene Changu anali asanayese. Ankati kunsi kwa kabokosi kuli kabowo kakang'ono, ukalowetsamo kachitsulo kosongoka n'kukanikiza, kabokosi kamabwerera mmene kanalili pochoka kufakitale, adiresi yake yoyamba n'kubwerera. Sanawerenge mpaka kumapeto. Anazula kaphini m'tsitsi mwake, nakawongola ndi mano, n'kupita kukhoma. Anagwada, napapasa kunsi kwa kabokosi mpaka chala chinapeza kabowoko.

Phokoso la m'holo linasintha. Kunamveka khwee, khwee, nsapato ikukhula matabwa a siteji. Asanatembenuke, dzanja linamugwira pamkono, mwamphamvu moti kaphini kanagwa.

Anali bambo ake. Anali atamva zonse zimene achiwiri kwa ahedi ananena, n'kudutsa siteji yonse opanda ndodo yawo, holo yathunthu ikuwayang'ana. Ankapuma mwawefuwefu.

“A... ayi. Zi... zifu... futika. Zonse.”

Kukanikiza kabowo kaja kukanapukuta mabatani onse, ntchito ya masabata aja, ndipo kuibwezeretsa kukanafuna tsiku lathunthu. Kumbuyo wina anayeserera kalankhulidwe ka bambowo, ena n'kuseka mobisa nkhope.

Bambo ake sanatembenuke. Ankafuna kumufunsa kanthu. Milomo inagwedera, koma kunangotuluka “u... u...” Changu anawadula n'kufunsa ngati akunena chingwe. Anapukusa mutu. Magetsi? Ayi. Azimitse swichi? Ayi. Pasiwedi? Chilichonse chimene ankaponya chinkawabweza m'mbuyo, n'kuyambiranso pachiyambi. Kenako bambowo anasiya. Anatseka maso, dzanja lawo lamoyo lija n'kugwera m'mbali.

Apo ndi pamene Changu anawayang'ana bwinobwino, mwina koyamba chitulukireni m'chipatala. Mtsempha wa pakhosi pawo unali utatupa. Thukuta linkatsika m'mphepete mwa khutu n'kulowa m'kolala ya malaya amene anasita okha ndi dzanja limodzi. Anazindikira kuti mawuwo analipo, athunthu, ankangofuna mpata woti adutse. Kunyumba amayi ake ankawamva. Ngakhale mng'ono wake wa ku pulaimale ankacheza nawo mpaka kuseka. Iye yekha ndi amene ankawamalizira ziganizo n'kuchokapo.

Anakoka mpando wa kutsogolo n'kuwakhazika. Anatenga laputopu, naiika pamiyendo pawo, iye n'kugwada pambali.

“Nenani, ababa. Ndikudikira.”

Ananena mokweza ndithu, osati monong'ona. Mzere woyamba unamva, ndipo mawuwo anayenda m'holo kuchoka mpando kupita mpando. Kuseka kunazilala. Achiwiri kwa ahedi anabwerera n'kuima pafupi, akugogoda foni pachikhatho. Changu anamva kugogodako, anamva mipando ikulira. Lilime linkamuyabwa kuti aponyenso mawu. Analiluma.

“U... una... lemba... chi... chiyani?”

Anawatchulira manambala onse anayi, limodzilimodzi. Atafika pa lachitatu n'kunena kuti leveni, nsidze za bambo ake zinakwera. Anatukula chala chimodzi n'kuchiimika patsogolo pa nkhope yake.

Wani. Anali wani mmodzi yekha, wonenedwa kawiri ndi lilime lovuta. Kabokosi sikanawonongeke. Changu anali atakasamutsira kumsewu wina, kumene laputopu, pulojekita ndi zina zonse sizikanakaona. Misozi inatuluka yokha. Anayamba kupepesa, koma bambo ake anagogoda pa laputopu ndi chala chomwe chija, kusonyeza kuti zimenezo zidikire.

Anamutsogolera pang'onopang'ono. Poti kabokosi sikangabwere kokha, laputopu ndiyo inayenera kukalondola. Anamuuza atsegule pamene laputopu imasungira adiresi yakeyake, asinthe nambala yachitatu ikhale leveni. Liwu lililonse linkatenga nthawi, ndipo nthawiyo inkadyedwa pa phunziro la anthu onse aja. Kawiri konse Changu anaganiza kuti wadziwa chotsatira, chala chake n'kunyamuka, koma anachibweza mpaka iwo atamaliza. Kachiwiriko anapeza kuti akanadina polakwika. Atalembanso adiresi ya kabokosi yolakwika ija, tsamba la kabokosi linatulukira ngati silinasowepo. Anafufuta wani mmodzi. Asanadine batani losunga, anatembenuzira laputopu kwa bambo ake. Iwo anawerenga manambala onse ndi chala, n'kugwedeza mutu. Changu anadina batanilo, kenako n'kubwezera laputopu kumsewu wake wakale.

Bambo ake analoza kukhoma. Changu anaimirira, mawondo ali dzanzi, n'kukhudza batani loyamba. Kudenga kunalira kaphokoso, chinsalu chinayamba kutsika, kuwala n'kugwera pamenepo. Anakhudza la kamera, nakhudza la mawu. Pachinsalu panaoneka mayi wovala magalasi ali m'kalasi lopanda anthu, akulongedza mabuku m'chikwama.

Holo inaomba m'manja, koma mayiyo anayang'ana wotchi yake. Anawapatsa moni, n'kunena kuti wawadikira mokwanira ndipo kalasi lake likumuyembekeza. Anangotha kuwauza mutu woti akawerenge, n'kulonjeza kuti ayesa kupeza mpata wina sabata yotsatira ngati ahedi ake alola. Chinsalu chinada. Ophunzira anatuluka akung'ung'udza. Mtsikana wina amene ankafuna kudzaphunzira udokotala anadutsa pafupi ndi Changu osamuyang'ana n'komwe. Sewero anatuluka mwakachetechete, mutu uli pansi. Wailesi anabwera kudzapereka moni kwa bambowo ndi manja awiri, ndipo kwa nthawi yoyamba chimudziwireni, analibe chonena china.

Achiwiri kwa ahedi anayesa mabatani onse okha, kuyatsa ndi kuzimitsa, ndipo lililonse linamvera. Anati ntchitoyo ndi yabwino, koma phunziro lapita, ndipo foni anaimba kale, sangaibweze.

Akulongedza zida m'chikwama, foni ya bambo ake inalira m'thumba la malaya. Anavutika kuitulutsa. Changu ataona dzina la abwana pagalasi, anaiyankha n'kuiika pa sipika. Mawu a abwanawo anadzaza siteji. Anati amva zonse, kampani yachita manyazi, ndipo akufuna kudziwa chachitika n'chiyani. Bambo ake anayamba kuyankha, koma asanamalize liwu lachiwiri abwana anawadula. Anafunsa ngati palibe munthu pafupi woti alankhule naye msanga, chifukwa ali ndi zambiri zochita.

Changu anayandikitsa foni pakamwa pake. Anadzitchula kuti ndi mwana wawo. Anafotokoza kuti iye ndi amene analemba adiresi yolakwika, kuti anabisa vutolo kuyambira m'mawa, ndipo kuti bambo ake atangolidziwa analipeza ndi funso limodzi. Abwana anati zamveka, ndiye apitirize iyeyo kufotokoza zotsalazo, mmene asiyira zipangizo ndi zimene zikufunika.

“Zimenezo sindikuzidziwa, bwana. Akuzidziwa ndi iwowa, ndipo akufuna kukuuzani okha. Chonde muwadikire.”

Changu anaganiza kuti foni yadulidwa. Kenako kunamveka mpando ukukokedwa, ngati munthu akukhala pansi.

“Chabwino,” anatero abwana. “Ndikumva, akulu. Yambani.”

Bambo ake anakonza kolala, n'kuyamba. Ananena za swichi, za adiresi ya chipangizo chilichonse, za chingwe cha kamera chimene ankafuna chidzasinthidwe mvula isanayambe kudontha padenga paja. Zinatenga nthawi yaitali. Woyeretsa m'holo anabwera ndi tsache lake, nasesa mizere yonse, n'kufika pa siteji iwo asanamalize. Mkono wa Changu unatopa, anasinthira foni kudzanja lina, kenako n'kuigwira ndi manja onse awiri. Abwana sanalonjeze kanthu. Pomaliza anangoti Lolemba abwere ku ofesi adzakambirane, ndipo abwere ndi laputopu.

Foni itaduka, bambo ake anakhala kanthawi akupuma. Kenako anayang'ana chala cha Changu chochekedwa chija, kapepala katafiira ndi magazi, n'kuyamba kufunsa kanthu. Woyeretsa anaima ndi tsache lake, akufuna kusesa pamene anakhalapo. Changu anamupempha ndi dzanja kuti ayambe mbali inayo.

“Chi... chiku... pweteka?”

“Pang'ono,” anatero Changu. “Tikamanga kunyumba.”